Mwala wa pa Zitheba za Tannetje

Kwathu kuno ku Zelandi, dera la zilumba m'mbali mwa nyanja yamchere, mayi aliyense wodziwa nyumba amakhala ndi mtsuko wa zitheba m'chipinda chapansi. Amadula zitheba mwezi wa Ogasiti, kuzithira mchere, kuika kathabwa pamwamba, kenaka kutsendereza ndi mwala kuti zimire m'madzi ake amchere mpaka nyengo yozizira ithe. Ena amatola mwala wa m'mbali mwa nyanja, ena amangoika njerwa. Tannetje Wisse yekha ndiye ankatsendereza zitheba zake ndi mulungu wamkazi, ndipo ankamugoneka chafufumimba.

Amene anauvuula mwalawo ndi mwamuna wake, Krijn, msodzi wa nkhono za m'nyanja. Zaka zimenezo makoka a asodzi ankakola miyala yosemasema, ndipo akatswiri a m'tauni ankabwera ndi magalimoto kudzaitenga kuti akaiike kunyumba zosungirako zakale. Wa Krijn unali waung'ono, wolemera ngati khanda lonenepa, choncho anangoubisa m'jekete n'kupita nawo kwawo. Pamwalapo panali mayi wokhala pampando, dengu la maapozi pamiyendo, galu pambali pake, ndi zilembo zingapo m'munsi.

Krijn anaitana aphunzitsi a Poortvliet kuti adzawerenge zilembozo.

"Uyu ndi Nehalennia," anatero aphunzitsiwo. "Kalelo, Aroma akadali kuno, wamalonda akafuna kuwoloka nyanja ankamulonjeza kuti, ukandibweza wamoyo ndikusemera mwala. Akabwerako ndiye ankapereka. Mwini mwala uwu anali wogulitsa mchere."

"Nanga akapanda kubwerako?" anafunsa Tannetje.

"Ndiye kuti kulibe mwala, mayi."

Pa zonse zimene aphunzitsiwo ananena, Tannetje anaona kuti chanzeru chinali chimenechi chokha: ntchito kaye, kuthokoza pambuyo. Zina zonsezo zinali zachikunja. Iye anali wa mpingo uja wa zovala zakuda, wolowa m'tchalitchi kawiri Lamulungu lililonse, wosakwera njinga kapena kuyanika zovala tsiku la Sabata. Fano m'nyumba mwake? Anamuuza Krijn kuti akaliponye m'shedi pamodzi ndi makoka ong'ambika, ndipo linakhala mmenemo zaka khumi ndi ziwiri.

Ndiyeno tsiku lina la Novembala, mwana wawo Willemijn ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mphepo inatembenuka masana. Pofika 3 koloko maboti onse anali atalowa padoko, kupatula la Krijn. Tannetje anaimba masalimo onse amene ankawadziwa. Atatha anayambiranso. Kenaka mayi wopemphera uja anatuluka mvula ili pamsana, analowa m'shedi, anakankha makoka, n'kugwada pamaso pa mwala.

"Ukandibwezera Krijn," anatero, "ndikuika pabalaza, pansalu yoluka ya malemu mayi anga. Abusa anene zonena zawo."

Botilo linapezeka patapita masiku awiri. Krijn sanapezeke, ndipo mpaka lero alibe manda. Atabwerako kumwambo wa maliro opanda bokosi, Tannetje sanavule n'komwe chipewa. Anakatenga mwala uja, anatsika nawo m'chipinda chapansi, anachotsa njerwa imene inali pamtsuko, n'kuikapo mulunguyo nkhope pansi.

"Unkakonda wogulitsa mchere," anamuuza. "Nawu mcherewo."

Sanauze munthu aliyense. Anakalowa ntchito yotsuka nkhono kushedi ya padoko mpaka zala zake zinang'aluka ngati nthaka ya m'chilimwe, ndipo analera mwana wake yekha. Loweruka lililonse, monga amachitira mayi aliyense wa mtsuko, ankatsuka kathabwa ndi mwala kuti nkhungu isagwire zitheba. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankakwecha ndi burashi yolimba ya pansi, ndiponso ankayambira kumaso. Pomatha zaka makumi anayi, Nehalennia analibe mphuno. Tannetje ankati akayang'ana nkhope yofafanizikayo mtima wake unkakhala m'malo, chifukwa pabalaza panali pa olemekezeka, ndipo wolephera ntchito malo ake anali pazitheba.

Willemijn anakula, anapita ku Utrecht, anakalowa ntchito ya inshuwalansi. Anakwatiwa, ukwati unatha. Kuchokera pamenepo chinali ichi chakoma ichi chakoma: chaka china ankaweta njuchi pakhonde, chaka china sankadya chilichonse chophikidwa, chaka china ankasamba madzi oundana m'mamawa uliwonse kuti akumane ndi mzimu wake. Potsiriza anawolokera ku Mangalande, kumene anakaphunzira Loweruka ndi Lamulungu kasanu ndi kanayi, n'kubwerako ndi satifiketi yonena kuti tsopano ndi wansembe wa Mayi Wamkulu. Abusa athu amaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi kuti azitigonetsa tulo m'tchalitchi, koma unsembe uwu unapsa msanga ngati dzira lokazinga.

Anabwera kumudzi mu Seputembala, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, atavala mkanjo wobiriwira ngati nyanja, ng'oma ili m'khwapa. Anati anasonkhanitsa amayi khumi ndi mmodzi, ndipo cholinga chawo chinali kudzutsa chipembedzo cha Nehalennia. Tinawaona ife amayiwo. Ankabwera pa magalimoto abwinoabwino, madokotala a mano, aphunzitsi, akazi a mabwana, n'kubwereka holo ya kumudzi. Ankakhala mozungulira, kugwirana manja, kuyatsa lubani, n'kumapuma mokweza. Mapemphero akale palibe amene amawadziwa, poti amalonda aja sanalembe, ndiye amayiwa ankadzilembera okha pakompyuta. Ankapempha mtendere wa mumtima, ndipo mulungu wawoyo ankavomera nthawi zonse. Sanawakanizepo kanthu, sanawalandepo kanthu. Pa onse khumi ndi awiriwo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pakhoma lotchinga nyanja kudikira boti.

"Amayi, musamanditchulenso Willemijn," anatero tsiku loyamba ali patebulo. "Dzina langa la unsembe ndi Mwana wa Mafunde."

"Mafunde ake ati? Si iwe unkasanza m'boti lisanachoke padoko?"

"Mumangonyoza zilizonse. Mayi Wamkulu amatikonda tonse, ngakhale inu. Safuna kanthu kwa munthu, amangopereka."

"Amangopereka? Wakuuza ndani?"

"Ndimamumva m'thupi mwanga."

"Imeneyo ndi njala. Tsika ukatape zitheba, mbatatesi zapsa."

Willemijn anatsika ndi mbale. Mwala umenewo anali ataunyamulapo kambirimbiri ali mwana, koma sanautembenuzepo, poti ndani amatembenuza mwala wa pazitheba? Tsiku limenelo unamuterereka m'manja n'kugwa chagada. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kwa Leunis, msodzi wopuma ntchito wa nyumba yoyandikana nayo. Willemijn anakwera masitepe mwala uli pachifuwa, madzi amchere akuyenderera pamkanjo.

"Amayi! Mukudziwa kuti uyu ndi ndani?"

"Ndikudziwa. Kamubwezere pomwe wamutenga."

"Ndi Iyeyo! Weniweni! Ife tikupempherera chithunzi cha pulasitiki, chikhalirecho ali m'nyumba mwathu muno, pazitheba! Mphuno yake ili kuti? Mwamuchita chiyani?"

"Ndamusambitsa Loweruka lililonse. Ndi angati amene amasamalidwa choncho?"

"Ayenera kukhala pabalaza, pansalu yoyera, maapozi ali patsogolo pake."

Tannetje anaika foloko pansi. Mawu akuti pabalaza anamulasa ngati kuti mwanayo anali m'shedi muja tsiku lija.

"Pabalaza panga sadzapondapo. Ndili moyo ine, ayi."

"Chifukwa cha abusa?"

"Abusa asiye. Anauvuula ndi bambo ako, mwalawo ndi wanga, ndipo uli ndi ntchito. Zitheba zikayandama zimaola."

Sabata yonse Willemijn anachonderera. Anabweretsa mnzake Annelot, dokotala wa mano wa ku Breda, amene anagwada pakhomo la chipinda chapansi n'kulira, kenaka anafunsa ngati mtsukowo uli wogulitsa, poti unkaoneka wamakedzana ndithu. Tannetje anamupatsa khofi ndi bisiketi imodzi n'kutseka chitini cha mabisiketi. Ndiye anamva kuti Loweruka, mwezi ukakhala wathunthu, gululo lidzayenda pamatope madzi akaphwa, kukafika kufupi ndi pamene amati panali kachisi wakale wa Nehalennia.

"Mwezi wathunthu?" anafunsa Tannetje. "Mwaona kalendala ya madzi, ija yonena nthawi imene nyanja imaphwa ndi kudzaza?"

"Sitiyendera mapepala, Amayi. Timayendera mwezi. Ukakhala wathunthu mphamvu ya Mayi imachuluka."

"Imachulukadi. Madzi amaphwa kwambiri, n'kubwera mothamanga. Aphwa 8 koloko. Ikamakwana 9 mukhale mutabwerera pakhoma, wamva?"

"Mantha amenewo ndi amene anakumangani moyo wanu wonse," anatero Willemijn momumvera chisoni, n'kumusisita dzanja.

Mwana wa sukulu aliyense kuno amadziwa zimenezi asanadziwe kuwerenga. Koma munthu wa satifiketi ungamuuze chiyani?

Loweruka m'mawa Tannetje anapita kukagula buledi. Atabwerako anatsika ndi burashi yake monga ankachitira Loweruka lililonse, ndipo anapeza kathabwa kakuyandama, zitheba zili pamwamba pa madzi. Pamene pankakhala mwala panali kamwala konyezimira kofiirira, kaja amagulitsa m'mashopu a lubani, kopepuka ngati dzira. Pambali pake panali kapepala: "Ndamutenga akaone kwawo. Madzulo tidzamuika pamalo oyenera. Musakwiye." Tannetje anayang'ana wotchi. Inali 10 koloko.

Anakwera njinga, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, n'kupalasa mpaka kukhoma. Anapeza Leunis ataima pamwamba, magalasi oonera patali ali m'maso.

"Mayi Wisse, mwana wanu uja mutu ukuyenda bwino?"

"Alowa nthawi yanji?"

"Posachedwapa. Anafika 8 koloko, koma anayamba kaye kuluka nkhata zamaluwa. Atatha apo anayamba kupepesa mphepo za kumbali zonse zinayi, imodziimodzi. Wina anaiwala ng'oma m'galimoto. Ine ndinawauza kuti amayi inu, madzi atembenuka. Wina wa magalasi anandiyankha kuti abambo, lero si tsiku lomvera amuna."

Tannetje anamulanda Leunis magalasi oonera patali aja. Kutali pamatope, amayi khumi ndi awiri anali ataima mozungulira, opanda nsapato, manja ali m'mwamba. Onse ankayang'ana kutsogolo, kunyanja, kumene madzi ankaoneka kuti akadali patali. Palibe amene anacheuka. Kumbuyo kwawo, pakati pa iwo ndi khoma, panali khwawa limene analiwoloka lili louma, ndipo tsopano linkanyezimira. Madzi saiwala khwawa. Amayamba adzaza kumbuyo kwako, kenaka n'kudzakupeza.

"Leunis, boti lako."

"Ndaimbira kale opulumutsa anthu, koma ali kutali. Langa lili padoko. Mphindi makumi awiri, injini ikalola."

"Ndiye ukudikira chiyani? Thamanga!"

Leunis anathamanga monga amathamangira munthu wa mawondo otha. Tannetje anatsala yekha pakhoma. Anakuwa, koma mphepo inabweza mawu ake. Anaona bwalo lija likusweka, mikanjo ikubalalika, ena akuthamangira kukhwawa n'kubwerera madzi atawafika m'chiuno. Anaona ng'oma ikuyandama yokha kulowera kunyanja. Kenaka onse anaunjikana pakamtunda kamchenga kamene kankachepa iye akuyang'ana, ndipo pakati pawo panali mkanjo wobiriwira, utawerama, utafungata kanthu pachifuwa.

Apa m'pomwe anaima kudikira Krijn zaka makumi anayi zapitazo. Miyendo yake inapadziwa. Mantha anamugwira, mantha enieni, amene amayi a lubani aja anali asanawalawepo mpaka m'mawa umenewo. Anayamba salimo, koma linathera pakamwa. Madzi anafika m'mawondo mwa Willemijn. Boti silinkaoneka.

Tannetje anatsitsa magalasi. Sanagwade ulendo uno, ndipo sanachonderere. Analankhula ngati mmene umalankhulira ndi wantchito amene anakukhumudwitsapo kale.

"Iwe wopanda mphuno iwe. Ukundimva, uli m'manja mwake momwemo. Woyamba uja unandimana. Uyu ndibwezere. Pabalaza, pansalu ya mayi anga, monga ndinanenera."

Atangotseka pakamwa anachita manyazi, ndipo anacheuka kuona ngati panali wina amene wamva. Panalibe. Patapita nthawi imene kwa iye inali ngati chaka, anamva kulira kwa injini.

Leunis anawatenga maulendo awiri. Pa ulendo wachiwiri madzi anali atafika pachifuwa, ndipo anawakokera m'boti mmodzimmodzi ngati matumba a nkhono. Anatsikira padoko milomo ili bii, nkhata zamaluwa zili m'khosi, mano akugundana. Annelot, atangofunda bulangeti, anayamba kuuza anzake kuti Mayi Wamkulu wawasambitsa ndi kuwabadwitsanso.

"Wakubadwitsani ndi dizilo wanga," anatero Leunis. "Ndipo uyu," analoza Willemijn, "ndinamuuza kuti taya chimwalacho ugwire chingwe ndi manja awiri. Wakana. Pang'ono ndimusiye komweko."

Tannetje anayang'ana mwana wake. Anali wamoyo, tsitsi lili m'maso, akunjenjemera ngati kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka anayang'ana chimene chinali m'manja mwake. Panjira yonse yochokera pakhoma ankayembekeza kuti mwalawo watsala m'nyanja, kuti nkhani ithere pomwepo. Koma ayi, unali pomwepo, galu wake ndi dengu lake.

"Amayi, pepani," anatero Willemijn. "Ndikaubwezera pamtsuko. Sindidzaukhudzanso."

Apa Tannetje akanatha kungokhala chete. Palibe amene anamva zimene ananena pakhoma. Ndiponso amene anagwira ntchito ndi Leunis ndi injini yake yakale, aliyense anaona. Koma wogulitsa mchere uja nayenso anali ndi omupalasira ngalawa, ndipo mwala anaperekabe. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

"Bweretsa kuno," anatero. "Tiye kunyumba ukavule zonyowazo."

Masana amenewo Willemijn anatsika kuchipinda chake atavala juzi yakale ya mayi ake, ndipo anaima pakhomo la pabalaza kukamwa kuli yasa. Pakabati, pamene pankakhala wotchi, panali patayalidwa nsalu yoluka imene inkatuluka pa ubatizo pokha. Pansaluyo panali mwala, utaimikidwa, nkhope poyera koyamba m'zaka makumi anayi.

"Amayi! Mwamulandira! Ndinadziwa kuti akukhudzani mtima. Mubwere Lachitatu kubwalo lathu, mudzawauze achemwali mmene mwamvera."

"Ndikabwera kumeneko ndidzabwera ndi kalendala ya madzi, ndidzakumenyeni nayo mmodzimmodzi. Sindinalandire munthu ine. Ndinalonjeza, ndapereka, basi."

"Munalonjeza? Inu? Liti?"

"Lero pakhoma. Ndi tsiku lija bambo ako sanabwere."

Willemijn anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhope yopanda mphuno ija, kenaka anayang'ana zala zong'aluka za mayi ake. Pa maphunziro ake onse a ku Mangalande panalibe tsiku limene anaphunzitsidwa zoti mulunguyo angathe kukana.

Patapita kanthawi anadzuka, anakatenga apozi kukhitchini, n'kubwera nalo mwakachetechete kuti aliike patsogolo pa mwalawo. Tannetje anamulanda. Anatulutsa mpeni m'thumba la epuloni, analidula pakati, anaika theka limodzi pansalu, linalo anapatsa mwana wake.

"Idya. Ndinamupempha awiri, wabweza mmodzi."

Kenaka anapita kukhoma la chipindacho, anatsitsa chithunzi cha Krijn, chija anajambulitsa atavala chipewa cha usodzi akuseka, anachipukuta ndi epuloni. Anachiimika pakabati pomwepo, moyang'anizana ndi mwalawo, pafupi kwambiri moti panalibe kwina koti mulunguyo angayang'ane.

"Wafuna pabalaza, wafika," anamuuza. "Uzimuyang'ana ameneyu tsiku lililonse."

Ndipo anatuluka kukafuna njerwa ya pazitheba.